Mutu 6: Mlonda wa Pakhomo la Chipinda cha Unyolo

1. Nyanja yabata

Mukatchula nyanja yaikulu yamchere, anthu amathamangira kuganiza za namondwe ndi mafunde otalika ngati nyumba zosanja. Zimenezo ziliko, palibe akukana. Koma tsiku limene Namzeze sadzaliiwala kunalibe ndi kamphepo komwe. Nyanja inangoti zii ngati madzi a m'beseni, dzuwa likuswa mtengo, kungoti kumeneko mtengo wake kunalibe.

Sitima yawo inali yonyamula katundu, ndipo ulendo uwu inasenza tirigu. Inali itayenda masiku khumi ndi limodzi osaona mtunda. Kuti ikafike padoko panali patatsala masiku ena asanu ndi atatu.

Namzeze anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wophunzira ntchito ya amalinyero, ndipo uwu unali ulendo wake woyamba. Dzinali anamupatsa ndi anzake a m'sitimamo chifukwa pa makwerero sankakwera ngati munthu, ankachita kuuluka.

Amene anamupezera malo anali amalume ake, mlongo wa mayi ake, omwenso anali kapitawo wa amalinyero onse. Anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu, wodziwa kona iliyonse ya sitima. Pantchito sankamunyengerera mwana wa mlongo wawo.

"Pano palibe malume," ankatero. "Malume tinawasiya kunyumba. Pano pali kapitawo."

Koma ikakwana nthawi ya chakudya, kapitawo yemweyo ankasuntha nthuli ya nyama kuchoka m'mbale mwake n'kuikankhira m'mbale ya Namzeze, maso ali kwina, ngati kuti nyamayo yayenda yokha.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku inali kugogoda dzimbiri ndi kupaka penti. Sitima ndi chitsulo, nyanja ndi mchere, ndipo awiriwa samwerana madzi. Sabata yapitayo Namzeze anali atagwetsera nyundo m'nyanja akugogoda m'mphepete. A Chifu, omwe ndi wachiwiri kwa kaputeni, anamuitana n'kumuonetsa buku lake la maphunziro, lija kampani imawerenga isanasankhe woti imutengenso ulendo wina.

"Kamodzi ndi ngozi," anatero a Chifu. "Ukataya chida kachiwiri, ndilemba m'bukumu kuti ndiwe wosasamala. Wamva?"

"Ndamva, bwana," anayankha Namzeze.

2. Chenjezo la a Dzimbiri

M'mawa wa tsikulo, pa nthawi ya tiyi wa teni koloko, a Chifu anabwera ndi ntchito yatsopano. Anati mawa akufuna kuyendera chipinda cha unyolo sitima isanafike padoko.

Chipinda chimenechi chili kutsogolo kwenikweni kwa sitima, kunsi kwa mosungira zingwe ndi penti. N'chakuya ngati chitsime, ndipo ndi momwe umagona unyolo wa nangula sitima ikamayenda. Unyolowo si uja womangira galu ayi, mphete yake imodzi yokha mwana wa sukulu sangainyamule. Khomo lake ndi bowo lozungulira lili pansi, lotsekedwa ndi chitsulo chomangidwa ndi manati.

"Lero mungotsekula basi, muikemo fani izikupiza tsiku lonse," anatero a Chifu. "Mawa ndibwera ndi choyezera mpweya. Ndikayeza n'kusaina chilolezo, m'pamene munthu alowe. Lero ayi."

Atachoka a Chifu, mkulu wina wa imvi anakoka mpando n'kukhala moyang'anana ndi Namzeze. Amenewa anali a Dzimbiri, mmalinyero wamkulu kuposa onse, mnzawo wa akapitawo wa ponda apa nane m'pondepo.

"Mwana iwe, ika kapu pansi undimvere," anayamba a Dzimbiri. "Ine dzimbiri ndaligogoda zaka makumi atatu, ndimalidziwa ngati mkazi wanga. Dzimbiri limadya. Silidya chitsulo chokha ayi, limadyanso mpweya timapumawu. Ukatsekera chitsulo chonyowa m'chipinda miyezi iwiri, dzimbiri limamaliza mpweya wonse wabwino n'kusiya chipinda chikuoneka bwinobwino. Mulibe utsi, mulibe fungo. Tsoka silinunkha, mwana iwe. Ukalowamo sutsokomola, sukuwa n'komwe. Umapuma kawiri, katatu, miyendo n'kukana, basi wagona."

Anamwa tiyi pang'ono, napitiriza.

"Ine ndinaona ndi maso angawa pa sitima ina, ndili mnyamata. Analowa mmodzi kukaona paipi yodontha, anagwa. Mnzake ataona anati ndikamutenge, anagwa. Wophika anamva phokoso, anabwera chipande chili m'manja, analowa nayenso, anagwa. Tinawatulutsa atatu atasanjikizana ngati matumba. Woyambayo anaphedwa ndi kusasamala, koma awiri enawo chinawapha ndi chifundo."

"Ndiye munthu angoyang'ana mnzake akufa?" anafunsa Namzeze.

"Lamulo lake ndi ili," anatero a Dzimbiri, akugogoda tebulo ndi chala. "Wina akalowa m'malo otsekeka, pakhomo pamatsala mlonda ndi wailesi ya m'manja. Ntchito ya mlondayo ndi imodzi: ukaona mnzako wagwa, itana anthu, ndipo usalowe. Kaya wagwayo ndi mnzako wa pamtima, kaya ndi bambo ako okubala, usalowe. Ena amati ndigwira mpweya m'chifuwa, nditsika mwachangu. Bodza! Munthu wokomoka amalemera ngati matumba awiri a simenti. Ukwera naye bwanji makwerero uli wosapuma? Ukalowa, anthu a mabotolo a mpweya adzapeza awiri m'malo mwa mmodzi, ndipo adzayamba kutulutsa wapamwamba. Ndiye kuti iwe wam'bera mnzako nthawi yake."

"A Dzimbiri, ulaliki wa lero watalikatu," anaseka akapitawo, akuimirira. "Tiyi mpaka wazizira. Koma akunena zoona, mphwanga, uzimva. Tiye, tenga sipanala kwa a Chifu."

3. Sipanala

Sipanala yomasulira manati aja inali imodzi yokha m'sitima monse, ndipo a Chifu ankaisunga okha. Anaipereka m'manja mwa Namzeze, namuyang'ana m'maso.

Anapita awiri kutsogolo kwa sitima, Namzeze ndi amalume ake. M'chipinda cha zingwe munali motentha, mukununkha penti ndi girisi. Manati anali atagwirana ndi dzimbiri, ndiye amalume ankamasula, Namzeze n'kumatolera m'chitini. Atatha anakankhira chitsulo chija pambali, bowo linatseguka lakuda bii.

Anakokera fani pafupi n'kuiyatsa. Faniyo inali ndi chipaipi chansalu choti chilowe m'bowomo kuti chizithira mpweya wabwino pansi. Namzeze anaika sipanala m'thumba la pachifuwa la ovolosi yake, anagwada, nawerama kuti akankhire chipaipicho.

Ngwee! Ngwengwengwe!

Anagwira pathumba. Munalibe kanthu.

Amalume anawalitsa tochi. Sipanala inali apo, itagona pamwamba pa mulu wa unyolo, ikunyezimira. Kuchokera pakhomo kukafika pamene inali panali masitepe asanu ndi atatu okha.

"Manja ako ali ndi mabowo, iwe?" anatero amalume, koma osakalipa. Anapinda waya n'kuyesa kuikola. Anayesa kamodzi, kawiri, kachitatu waya unangoikankha, sipanala n'kulowa pakati pa mphete ziwiri, kungotsala mutu.

"Amalume, tiyeni tingowauza a Chifu," anatero Namzeze. "Aitenga mawa."

"Ndiye alembe m'buku lako? Ine ndinagwada pamaso pa anthu kuti upeze malo ano. Buku lako lisade chifukwa cha kachitsulo."

"Koma a Dzimbiri aja anena kuti..."

"A Dzimbiri ndinawaphunzitsa ndine kumanga mfundo," anaseka amalume. Anaweramira pabowo nanunkhiza. "Mulibe kanthu umu. Fani yazungulira kale nthawi ndithu. Masitepe asanu ndi atatu, kutola, kukwera. Usanamalize kuyasamula ndabwera."

Akale anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Akapitawo malamulo ankawadziwa kuposa wina aliyense, ndipo anali atawaphunzitsa kwa achinyamata osawerengeka. Koma munthu ukalowa malo kambirimbiri n'kutulukamo wamoyo, umayamba kuwaona ngati kuchipinda kwako.

Anachotsa wailesi palamba n'kumupatsa Namzeze.

"Gwira. Lero ndiwe mlonda."

Namzeze sanaumirirenso. Tinene zoona, pansi pa mtima anamva kupepukidwa kuti buku lake lipulumuka. Analandira wailesiyo n'kuwaunikira ndi tochi.

4. Pakhomo

Amalume anatsika mosathamanga, ngati munthu wopita kukatenga chinthu kuseri kwa nyumba. Anafika pa unyolo, anawerama, anazula sipanala ija, naikweza m'mwamba kuti Namzeze aione. Kenako anaiika m'thumba.

"Waona? Nkhani yake yatha..."

Anagwira sitepe yoyamba. Dzanja linatsetsereka. Anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu amene watopa ndi ulendo, mutu n'kutsamira khoma. Panalibe kukuwa, panalibe kuphupha. Fani inkangolirabe.

"Amalume?"

Zii.

"Amalume! Musachite nthabwala, amalume!"

Namzeze sanadziwe kuti mwendo wake walowa nthawi yanji m'bowomo. Anangopeza phazi lili pa sitepe yoyamba, chifuwa atadzaza mpweya. Amalume ake anali pafupi kwambiri, moti ankaona ndi chigamba cha paphewa la ovolosi yawo, chomwe anasoka yekha masiku atatu apitawo. Pa makwerero panalibe womuposa liwiro m'sitima monse.

Anayang'ana mapewa aakulu aja, nayang'ana manja ake. Anatulutsa mwendo.

Anadina wailesi. Mawu ake anatuluka ouma, ngati akuwerenga m'kalasi.

"Munthu wagwa m'chipinda cha unyolo. Ndi akapitawo. Sakuyankha. Bwerani ndi mabotolo a mpweya."

Belu la ngozi linalira sitima yonse. Namzeze anagona chafufumimba pambali pa bowo n'kukankha chipaipi cha fani kuti chitsike mpaka pafupi ndi nkhope ya amalume ake. Nsalu ya kolala yawo inayamba kugwedezeka ndi mphepo. Iwo sanagwedezeke.

Woyamba kufika anali a Dzimbiri, omwe ankapenta chapafupi. Analowa ali wefuwefu, manja ali penti yekhayekha, anasuzumira m'bowo kamodzi kokha.

"Mnzanga! Mayo ine, mnzanga!"

Ndiye taonani zodabwitsa. Mkulu yemwe uja wa ulaliki wa pa tiyi anaponya chipewa uko, nalowetsa mwendo m'bowo.

Namzeze anawagwira lamba ndi manja onse awiri n'kudzigwetsa chagada. Anagwera limodzi pa zingwe.

"Ndisiye!" anakuwa a Dzimbiri, akumumenya pamkono. "Ndisiye, mwana iwe! Ndi malume ako ali apowo! Ulibe mtima?"

"Munanena nokha," anatero Namzeze.

"Ndikungomukoka basi! Ali pafupi!"

"Munanena nokha, a Dzimbiri."

Sanawasiye. Anawakulunga ndi miyendo yomwe, zala zitalowa m'lamba mpaka khungu kusupuka. A Dzimbiri analimbana naye kanthawi, kenako mphamvu zinawathera. Anagona pomwepo pa zingwe n'kuyamba kulira ngati mwana.

5. Mabotolo a mpweya

Sitima yonyamula katundu si bwato. Kuchokera kumbuyo, kumene kumakhala anthu ndi zida, kukafika kutsogolo ndi mtunda wa mabwalo awiri a mpira. A Chifu ndi mmalinyero wina anathamanga mtunda wonsewo atabereka mabotolo kumsana.

Atafika anapeza vuto lina. Bowo linali laling'ono, munthu wobereka botolo sakanakwana. A Chifu anachita kuvula botolo lawo, n'kutsika chophimba kumaso chili chivalire, mnzawo akuwatsitsira botololo ndi chingwe pamwamba pa mutu. Zonsezi zinkadya nthawi, ndipo panalibe njira yachidule.

Anawamanga amalume lamba wa m'khwapa. Amuna anayi anakoka. Pamene mutu wawo unkatulukira pabowo, kaputeni anayang'ana wotchi. Panali patapita mphindi khumi ndi zinayi chilirire belu.

Anawagoneka pansi n'kung'amba ovolosi. A Chifu pofuna kusindikiza pachifuwa anagunda chinthu cholimba m'thumba. Anachitulutsa n'kuchiika pambali. Inali sipanala, ndipo palibe anaiyang'ananso.

Anasindikiza pachifuwa mosinthanasinthana, wina akatopa wina n'kulowapo. Anawaika mpweya wa m'botolo pakamwa. Kaputeni ankalankhula pafoni ndi dokotala wa kumtunda, n'kumabwereza mokweza zimene dokotalayo akunena. Nyanja ilibe chipatala, ndipo ndege yopulumutsa anthu sikanafika kutali chonchi.

Namzeze anaima pakona, wailesi ili m'manja. Palibe anamuuza kuti aiike pansi, ndiye anangoigwirabe.

Patatha ola lathunthu, dokotala ananena mawu ena pafoni. Kaputeni anavula chipewa. A Chifu anasiya kusindikiza, nakhala pansi, thukuta likudontha pachibwano.

Wina anakazimitsa fani.

6. Chipinda chozizira

Pa sitima palibe nyumba yachisoni. Pali chipinda chozizira chosungiramo nyama, basi. Wophika anauzidwa kuti asamutse zonse za mbali imodzi kuti papezeke malo.

Namzeze anapita kukathandiza. Ananyamula makatoni a nkhuku kuchoka shelefu iyi kupita shelefu iyo, bwinobwino, osagwetsa ndi imodzi yomwe. Wophika anamuyang'ana mwamantha.

"Mwanawe, pita ukakhale pansi. Izi tichita ife."

"Ndithandiza nawo," anayankha.

Anawakulunga amalume m'nsalu yolimba ija amaphimbira katundu, nawagoneka pa shelefu yapansi. Wophika anatseka chitseko n'kupachika kiyi m'khosi mwake.

Chakudya chamasana chinachedwa, koma chinabwera. Amuna akuluakulu ankangotembenuza masupuni. Namzeze anadya chonse mpaka mbale kuyera. Sanamve kukoma, sanamvenso chisoni. Ankadikira kuti misozi ibwere, koma m'kati mwake munali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, woti ukautsina sumva kanthu. Zimenezi zinamuchititsa manyazi.

Sitima sinaime. Injini inkagunda monga mwa masiku onse, ndipo amene inali nthawi yawo yoyang'anira anakwera kukayang'anira.

Kenako kaputeni anamuitanitsa ku ofesi yake. Anali bambo wachikulire, wosalankhulalankhula. Anamuuza kuti afotokoze zonse kuyambira pachiyambi, iye akulemba. Namzeze anafotokoza, osasiya kanthu. Ananena za sipanala, za waya, za buku lake. Ananenanso kuti sanawaletse amalume ake mwamphamvu.

Kaputeni anaika cholembera pansi.

"Tamvera, mwana wanga. Sipanala unagwetsa ndiwe, zimenezo n'zoona. Zida zimagwa tsiku lililonse, ine ndagwetsapo zambiri. Koma wolowa m'chipinda muja popanda chilolezo anali munthu wamkulu, wodziwa malamulo, ndipo anasankha yekha. Unayenera kundiitana asanaponde sitepe yoyamba, ngakhale anali malume ako. Pa sitima wamng'ono ali ndi ufulu woletsa wamkulu akaona ngozi. Chimenecho uchisunge moyo wako wonse, ukadzakhala ndi ana ako a ntchito udzawauze."

Kenako anapitiriza.

"Koma pamene anagwa, unachita zoyenera. A Chifu ayeza mpweya wa m'mene muja, ndipo akuti ngakhale khoswe sakanatulukamo. Ukanatsika, bwenzi lero wophika akukonza mashelefu awiri. Pakanasowanso wowagwira a Dzimbiri, bwenzi ali atatu. Sindikukuuza kuti ukondwe. Palibe chokondweretsa apa. Ndikungokuuza kuti uzidziwe, chifukwa kumtunda udzakumana ndi anthu amene sanaonepo chipinda cha unyolo, ndipo adzakhala ndi zonena zambiri."

"Ndamva, bwana," anatero Namzeze.

Potuluka anapeza a Dzimbiri atakhala pa masitepe, maso ali psuu. Anasendera kuti iye adutse, kenako anamugwira dzanja lija losupuka.

"Mawu ndinakunena aja, undikhululukire," anatero. "Zaka makumi atatu ndakhala ndikuuza anthu kuti asalowe. Lero ndaona kuti pakamwa pamaphweka. Ndili moyo chifukwa cha iwe, mwana wanga, koma kuthokoza kukundikanika. Undipatse masiku."

Namzeze anangogwedeza mutu n'kudutsa.

7. Foni

Dzuwa litapendeka, kaputeni anamuitananso. Anati kampani yatuma kale munthu kunyumba kukanena za maliro, ndipo mayi ake akukana kukhulupirira kuti mwana wawo ali moyo mpaka amve mawu ake. Anamupatsa foni ya sitima natuluka, kutseka chitseko.

Foni inaitana kawiri. Kumbali inayo kunamveka phokoso la anthu ambiri, mipando ikukokedwa, amayi ena akulira chapatali. Namzeze anazindikira kuti onse asonkhana kunyumba kwa amalume.

"Halo? Mwana wanga? Ndiwe?"

"Ndine, amayi."

"Uli bwino? Sunavulale? Lankhula ndikumve!"

"Ndili bwino, amayi. Sindinavulale."

Mayi ake analira nthawi yaitali, akutchula mlongo wawo, akutchula Mulungu, akumutchula iye. Namzeze anangogwira foni n'kumayang'ana pawindo. Kunja madzi ankangodutsa.

"Awaika pati alongo anga?" anafunsa mayiwo atapezako mpweya.

"Ali malo abwino, amayi. Ozizira. Tifika nawo pakatha masiku asanu ndi atatu."

"Masiku asanu ndi atatu! Mayo ine!" Anamina, kenako mawu awo anasintha, anatsika n'kuuma. "Tamvera. Bambo wa ku kampani uja wanena kuti pamene alongo anga amagwa, pakhomo panali munthu. Akuti amamutcha mlonda. Akuti munthuyo anawaona ndi maso ake akugwa, ali pafupi pomwepo, koma sanatsike. Anangoima n'kumaitana anzake pa wailesi. Zoona zimenezo?"

"Zoona, amayi."

"Kalanga ine! Ndi munthu wanji ameneyo? Alibe abale? Anabadwa kwa mkazi ngati ife? Tamufunsa bamboyo dzina lake, akuti sanauzidwe. Azakhali ako ali pompano, sanamwe ndi madzi omwe chimvereni uthenga. Akuti sapuma mpaka adziwe amene anawasiya amuna awo kuti afe ngati galu. Iwe uli komweko, ukumudziwa. Ndi ndani?"

Namzeze anayang'ana chitseko. Chinali chotseka, ndipo mu ofesimo munalibe wina womumva. Akanatha kunena kuti sakudziwa. Akanatha kunena kuti foni ikuduka.

"Amayi," anatero, "mlondayo ndinali ine."

Phokoso la anthu linkamvekabe chapatali.

"Wati chiyani?"

"Ndinali ine, amayi. Ndinawaona akugwa. Sindinatsike."

Anadikira kuti amukalipire, kapena amufunse chifukwa chake. Mayi ake sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anamva akulankhula ndi munthu wina chapansipansi, mawu osamveka bwino, kenako mpando unakokedwa.

Namzeze anamva foni ikusintha manja.

"Halo," anatero azakhali ake. "Ndikumvetsera."